Nyundo ya Carl Zeiss

M'chaka cha 1846, Carl Zeiss adatsegula kanyumba kopangiramo zipangizo mumzinda wa Jena ku Germany. Chaka chotsatira adayamba kupanga maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Masiku amenewo mmisiri ankangoyesa magalasi osiyanasiyana mpaka atapeza ogwirizana. Makina akapanda kuonetsa bwino, Zeiss ankawaphwanya yekha ndi nyundo kuti asagulitsidwe.

Poona kuti kuyesa mwachimbulimbuli kunkatayitsa nthawi, mu 1866 adaitana Ernst Abbe, katswiri wa masamu ndi sayansi, kuti aziwerengera kapangidwe ka galasi lililonse lisanapalidwe. Komabe magalasi oyamba a Abbe atayesedwa, chithunzi chake chidali chosaoneka bwino poyerekeza ndi cha akale aja. Abbe sadataye mtima. Adafufuza mmene kuwala kumapatukira kukakumana ndi tinthu ting'onoting'ono, nakonza masamu ake. Mu 1872 makina atsopano adatuluka, ndipo mu 1882 zipangizo za mtundu umenewu zidathandiza Robert Koch kuzindikira kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masamu adaloza njira, koma chodalirika chidadziwika pokhapokha galasi litayesedwa.