Mbiri ya Linux ndi moto wa m'batire la laputopu

Pamene Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, ankalengeza za Linux mu 1991, nkhani ya batire panalibe. Kompyuta yake inali ya pa desiki, yodalira magetsi a pakhoma. Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ndipo aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kugawirako anzake.

Mu 1992, makampani a Intel ndi Microsoft anatulutsa dongosolo lotchedwa APM. Udindo wosunga moto unaperekedwa kwa BIOS, kapulogalamu kamene wopanga makina amaikiratu m'kati. Iko ndiko kankalamula nthawi yozimitsa sikirini kapena yogoneka kompyuta, Linux nʼkumangotsatira.

Zinthu zinasintha mu Disembala 1996 pamene Intel, Microsoft ndi Toshiba anabweretsa dongosolo latsopano lotchedwa ACPI. Tsopano pulogalamu yoyendetsa kompyuta ndiyo inayenera kusankha chogona ndi chodzuka, potsatira malangizo amene wopanga laputopu walemba m'kati mwake. Apa mpamene panagona vuto. Opanga ambiri ankayesa malangizowo pa Windows pokha, zikayenda nʼkutumiza katundu kumsika. Woika Linux ankatseka laputopu kuti igone, potsegula nʼkupeza sikirini ili bii, kapena fani ikungolira batire likutha. Akatswiri monga Len Brown ndi Rafael Wysocki atha zaka zambiri akusaka zolakwika zoterezi, makina amodziamodzi. Mpaka lero, laputopu ikafunsa Linux ngati ili Windows, iyo imavomera, chifukwa njira yoyesedwa bwino ndi imeneyo. Ine ndimaona kuti akatswiri a Linux anachita mwanzeru: wosauka sasankha khomo lolowera.

Chaka cha 2007 chinali chachikulu. Kale Linux inkadzutsa purosesa kambirimbiri pa sekondi iliyonse, nthawi zina ka 1,000, ngakhale popanda ntchito. Linux 2.6.21 inaleka chizolowezichi, ndipo Arjan van de Ven wa ku Intel anatulutsa PowerTOP, pulogalamu yoonetsa chimene chikudya moto. Panabukanso vuto lina mu 2011 limene linkamaliza mabatire msanga, koma Matthew Garrett analikonza.

Kwa anthu a ku Ulaya, zonsezi zinali zoti munthu agwire ntchito ali m'sitima. Kuno ku Ntcheu nkhani yake ndi ina. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunafika ponseponse. Mphunzitsi wa ku Tsangano kapena mlangizi wa zaulimi ku Kasinje, amene amachajira pa sola kapena kukalipira pamsika, amadziwa mtengo wa ola limodzi la batire.

Malaputopu ambiri amene timagula ndi a kaunjika, mabatire ake otopa kale. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri akale. Linux imawalandira, ndipo kawirikawiri imayenda bwino pa makina akalewa kuposa pa atsopano, popeza zolakwika zawo zinapezeka nʼkukonzedwa kalekale. Amisiri okonza makompyuta pa boma la Ntcheu ndi ku Lizulu akanachita bwino kuphunzira kuiika ndi kuyesa ngati laputopu ikugona ndi kudzuka bwinobwino asanaibweze kwa mwini wake.