Lamba akaduka pa msewu wa ku Nsanje, ndi sitima ya mphumu ya 1859

Amene mumayenda pa msewu wa M1 kuchokera pa Thabwa kutsikira ku Nsanje mukukadziwa kanyali kofiira kamene kamayaka kutsogolo kwa dalaivala lamba wa alternator akaduka. Injini sizima nthawi yomweyo ayi. Galimoto imayendabe, koma ikudya magetsi otsala mu batire popanda chobwezeretsa. Dalaivala wodziwa ntchito amatseka wailesi ndi nyali, ndipo pa siteji injini sazimitsa, poti kulizanso ndi kumene kumamaliza batire. Ya dizilo yakale imapirira mtunda wautali, pomwe ya petulo imafuna moto wa mapulagi nthawi zonse. Koma ngati lamba yemweyo ndiye amazunguza pampu ya madzi, musayerekeze. Ndi kutentha kwa ku Ngabu mu October, injini iwira musanapite patali.

Ana anga a sekondale ndikamawaphunzitsa za David Livingstone ndimayambira pamenepa, chifukwa mabuku athu amamuonetsa ngati munthu amene ankangoloza pa mapu n'kufika. Chonsecho ulendo wake wa mu Shire unali wofanana ndi wa dalaivala uja: makina odwala, ndi mtima uli m'mwamba kuwerengera ngati mphamvu yotsalayo ikafikitse.

Sitima yake inali Ma Robert, dzina limene Atswana ankaitanira mkazi wake Mary, kutengera mwana wawo woyamba. Anaipanga ku Birkenhead kwa a Laird mu 1858, yotalika mafiti 75, n'kudzailumikiza kumathiriro a Zambezi. Inkayendera nthunzi, ndiye batire yake inali mulu wa nkhuni. Inkadya nkhuni moti anthu ankatha tsiku limodzi ndi theka akudula zoti iyendere tsiku limodzi lokha. Madzi akakhala othamanga, mabwato opalasa ndi manja ankaipitirira. Chifukwa cha kulira kwake kobanika, Livingstone anaipatsa dzina lachipongwe loti Asthmatic, kunena kuti yodwala mphumu.

Mathithi a Cahora Bassa atamutsekera njira ya Zambezi kumapeto kwa 1858, analowa mu Shire mu January 1859. Kwa Tengani anthu ambiri a mauta ndi mivi anandanda m'mbali mwa mtsinje n'kulamula kuti sitima iime. Livingstone anatsika kukalongosola kuti sanabwere kudzagula akapolo, ndipo anamulola kudutsa. Ine ndimati ndikaganiza za tsikuli ndimaona kuti panalibenso kuchitira mwina. Sitima yopitiriridwa ndi bwato ingathawe ndani?

Vuto lalikulu linali m'madambo. Amene munafikako ku Elephant Marsh mukudziwa kuti ndi bango, gumbwa ndi madzi basi. Mitengo yolimba ili patali ndi mtsinje. Choncho asanalowe m'dambo ankayenera kudzaza nkhuni zokwanira kukatulukira tsidya lina, ndipo nkhunizo zinkalemeretsa sitima, imene ikalemera inkatitimira pa mchenga mosavuta. Mukasenza zochepa moto ukuzimirani pakati pa ng'ona ndi udzudzu. Mukasenza zambiri mutsakamira. Masamu amenewa sindinawaonepo pa mayeso a MSCE, koma ndi amene ankalamula kuti afika liti.

Anakwera kudutsa mudzi wa Chibisa, kufupi ndi pa Boma la Chikwawa lero, mpaka mathithi a Kapichira anawaimitsa, pomwe pano timapangira magetsi paja. Maulendo awiri otsatira a chaka chomwecho sitima ankaisiya kwa Chibisa n'kuyenda wapansi. Nyanja ya Chilwa anaiona mu April, ndipo nyanja ya Malawi mu September, zonsezi ndi miyendo.

Odula nkhunizo mabuku sawatchula kawirikawiri. Ambiri anali Amakololo amene Livingstone anakawatenga ku Tete, kumene anawasiya mu 1856. Popanda nkhwangwa zawo Ma Robert sikanasuntha ngakhale phazi limodzi, ngakhale makaniko George Rae akanaikonza chotani. Amakololo ena pambuyo pake anatsalira ku Chikwawa konkuno, ndipo maufumu a Kasisi, Maseya, Katunga ndi Mlilima anachokera kwa iwo.

Chimene chinaipha sitimayi si njala ya nkhuni. Malata ake anali a chitsulo chopyapyala cha mtundu watsopano umene unali usanayesedwe mokwanira, ndipo dzimbiri linaboola timabowo tosawerengeka. Ankamata apa, madzi n'kulowera apo, anthu n'kumachezera kupopa. Anaikakamiza choncho mpaka mu December 1860 inatsakamira pa mchenga mu Zambezi n'kudzaza madzi. Anapulumutsa katundu amene akanatha, ndipo ulendo wa ku Sena anaumaliza pa mabwato.