Wansembe ndi Sing'anga wa Maganizo

M'chaka cha 1927, dotolo wa ku Vienna, Sigmund Freud, adalemba buku lonena kuti chipembedzo ndi loto chabe la munthu wamantha, wolakalaka atate amphamvu omteteza monga muja achitira mwana. Nzosadabwitsa tsono kuti akhristu ambiri adayamba kuwaona maphunziro a za maganizo a munthu, otchedwa saikoloji, ngati mdani wa chikhulupiriro.

Komatu si onse adachita mantha. Ku Milan kudali Agostino Gemelli, dotolo amene kale sankakhulupirira Mulungu. Iyeyu adatembenuka mtima, naloŵa chipani cha Francis Woyera mu 1903. Atakhala wansembe sadataye nzeru zake: mu 1921 adatsegula yunivesite ya Katolika mumzindamo, ndipo m'menemo ankafufuza za saikoloji, ngakhale kuti zambiri za Freud ankazikana.

Mu 1953 Papa Pius XII adalankhula kwa asing'anga a maganizo atasonkhana ku Roma. Adavomereza kuti ntchito yao ndi yothandiza, koma adaikapo malire: pali kudziimba mlandu kochokera ku matenda, kumene sing'anga angathe kuchiza, palinso mlandu weniweni wa tchimo, umene umachoka pokhapokha munthu atalapa ndi kukhululukidwa. Kukayika sikudathe msanga, pakuti mu 1961 akuluakulu a ku Roma adaletsa ansembe ndi a m'zipani kugwira ntchito yochiza anthu mwa njira ya Freud. Koma mu 1965 Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican udalangiza abusa kuti posamala nkhosa zao agwiritsenso ntchito nzeru za saikoloji ndi za chikhalidwe cha anthu. Zipatso zake zidaoneka mu 1971, pamene yunivesite ya Gregoriana ku Roma idatsegula sukulu ya saikoloji, motsogozedwa ndi Bambo Luigi Rulla wa chipani cha Yesu.

Kodi mbiriyi ikutiphunzitsa chiyani? Mayi wodwala matenda a nkhaŵa, tikamuuza kuti chikhulupiriro chake nchochepa, tamsenzetsa katundu wachiŵiri pamwamba pa woyamba uja. Afunika chipatala pamodzi ndi mapemphero athu. Chimodzimodzinso munthu amene adalakwira mbale wake, mankhwala angampatse tulo, koma chikhululukiro sangampatse ai. Eklezia adatenga zaka zambiri kuti azindikire bwino kusiyana kumeneku. Ife tisabwerere m'mbuyo pokaniza wodwala thandizo limene Mulungu adaika m'manja mwa anthu ophunzira.