Maria Sibylla Merian, Mai Amene Anajambula Moyo wa Mbozi

Mai Maria Sibylla Merian anali katswiri wa ku Germany wojambula zithunzi zing'onozing'ono ndi kuzokota zithunzi pa mkuwa wosindikizira mabuku. Iwo anabadwira mu mzinda wa Frankfurt pa 2 April 1647. Atate ao, a Matthäus Merian, wosindikiza mabuku wodziwika, anamwalira mu 1650, ndipo luso lojambula analiphunzira kwa a Jacob Marrel, amene anakwatira amai ao.

Masiku amenewo anthu ambiri ku Ulaya anali kukhulupirira kuti tizilombo timangotuluka tokha m'matope ndi m'zinthu zoola. Mai Merian anayamba kuweta mbozi ali ndi zaka 13. Anali kuzichera masamba, kuzidyetsa ndi kuziyang'anira kwa masabata, kufikira zitasanduka. Zimene anaona anazijambula pa pepala limodzi: dzira, mbozi, cikwa ndi gulugufe, pamodzi ndi comera cimene mboziyo imadya. Buku lao la mbozi linatuluka mu 1679 lili ndi zithunzi 50, ndipo analilemba m'Cijeremani, osati m'Cilatini ca anthu ophunzira.

Mu 1699, ali ndi zaka 52 ndipo akukhala ku Amsterdam, anagulitsa zithunzi zao nakwera combo ndi mwana wao Dorothea kupita ku Suriname, dziko la ku South America limene linali m'manja mwa Adachi. Kumeneko minda ya nzimbe inali kulimidwa ndi akapolo ocokera ku Africa. Akapolowo, pamodzi ndi eni nthaka, ndiwo anali kuwalambulira njira m'nkhalango, kuwabweretsera tizilombo ndi kuwauza nchito ya zomera. Anawauzanso kuti akazi ena anali kucotsa mimba ndi njere za duwa lina, posafuna kubala mwana wodzakhala kapolo. Mai Merian analemba zimenezi m'buku, ngakhale kuti maina a anthuwo sanawachule.

Matenda anawabweza ku Amsterdam mu 1701. Buku la tizilombo ta ku Suriname, la zithunzi 60, linasindikizidwa mu 1705. Iwo anamwalira pa 13 January 1717. Nkhope yao inali pa ndalama ya pepala ya 500 Mark ya ku Germany kufikira pamene euro inalowa m'malo mu 2002.