Kompyuta Inafika ku Livingstone Mafakitale Akutseka

Mlendo wofika lero ku Livingstone angaganize kuti tauniyi idakhala ikudyera mathithi a Mosi-oa-Tunya kuyambira kalekale. Akuluakulu a m'makomboni a Maramba, Libuyu ndi Dambwa amadziwa zina. M'zaka za m'ma 1970 muno munali mafakitale. Ku Livingstone Motor Assemblers ankalumikiza magalimoto a Fiat, ndipo ku ITT Supersonic ankapanga mawailesi amene ankagulitsidwa m'Zambia monse. Tauni imene idali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 inali ndi anthu odziwa kuwotcherera timawaya pa kabolodi, ntchito yofuna maso akuthwa ndi dzanja losanjenjemera.

Luso limenelo ndi lomwe kompyuta zoyamba za munthu payekha zinkafuna. Altair 8800, imene idatuluka ku America mu 1975, inkagulitsidwa ili zidutswazidutswa pa mtengo wa madola pafupifupi 400, wogula n'kukalumikiza yekha kunyumba. Inalibe kiyibodi, inalibenso sikirini, koma timaswitchi ndi timagetsi tophethira. Wantchito wa ku Supersonic akadailumikiza osatuluka thukuta.

Koma mu 1975 momwemo mtengo wa kopa udagwa, ndipo Zambia, imene ndalama zake zakunja pafupifupi zonse zinkachokera ku migodi, idayamba kusowa madola. Malire a Rhodesia anali atatsekedwa kale mu January 1973, ndipo Livingstone, yomwe moyo wake unali pa mlatho wa njanji wa 1905, ndiyo idamva kuwawa kwambiri. Apple II idatuluka mu 1977, IBM PC mu August 1981 pa mtengo woyambira madola 1,565. Kuno munthu wofuna kuitanitsa katundu kunja ankayamba wapempha chilolezo ku boma, kenaka n'kudikira kuti Bank of Zambia imupatse ndalama zakunja. Pamzere womwewo panali mankhwala, mafuta ndi zitsulo za m'migodi. Ndani akadaika kompyuta patsogolo pa zimenezi? Boma litayamba kugulitsa madola pa okushoni mu October 1985, kwacha idatsika mphamvu kwambiri, mitengo n'kuthawiratu.

Si kuti dziko linalibe kompyuta ayi. Zinalipo zikuluzikulu zodzadza chipinda ku makampani a migodi ku Copperbelt, m'boma ndi ku University of Zambia ku Lusaka, zowerengera malipiro ndi katundu. Koma ofesi wamba inkayendera taipilaita, pepala la kaboni, teleksi ndi makina a Gestetner opukusa ndi dzanja, amene inki yake inkadetsa zala tsiku lonse.

Kompyuta za pa desiki zidayamba kuoneka pang'onopang'ono chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990, zambiri zobwera ndi mabungwe othandiza, mabanki ndi amishoni. Amene adazigwira sangaiwale: sikirini yakuda, zilembo zobiriwira kapena zoyera, ndi kachizindikiro kophethira kodikira lamulo la DOS. Kalata ankalembera mu WordPerfect, maakaunti mu Lotus 1-2-3. Zonse ankasunga pa diski, ndipo kadiski kakang'ono kolimba kaja kankanyamula 1.44 MB basi, malo osakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha pa foni ya lero. Pulinta inkalira ngati nyenje za mwezi wa October, ikukoka pepala lobowolabowola m'mbali. Poweruka makinawo ankawafunditsa nsalu kuopa fumbi, chitseko n'kukhoma. M'maofesi ambiri woyamba kuidziwa bwino kompyuta anali mlembi wamkazi, amene zala zake zidazolowera kale taipilaita. Abwana ankangosayina.

Chaka cha 1991 Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD adagonjetsa Kenneth Kaunda, ndipo malamulo oletsa kuitanitsa katundu adamasulidwa. Khomo limene lidalowetsa kompyuta mosavuta ndi lomwenso lidalowetsa mawailesi otchipa a ku Asia, magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ndi salaula. Mafakitale a Livingstone sadapirire, adagwa limodzi ndi limodzi. Apa ndiye pondipweteka pa mbiri yonseyi: pamene makina a m'badwo watsopano ankafika, anthu a m'tauni amene ankadziwa za m'kati mwa chipangizo chamagetsi anali akuchotsedwa ntchito. Livingstone idakumana ndi kompyuta ngati wogula chabe.

Ku Lusaka zinthu zinkathamanga. Mu 1991 University of Zambia idayamba kutumiza imelo kudzera pa FidoNet, njira imene kompyuta zinkaimbirana foni pa nthawi yoikika n'kupatsana makalata onse pamodzi. Mu 1994 yunivesiteyo idakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo mu November chaka chomwecho Zambia idalumikizidwa pa intaneti kudzera ku Cape Town, kukhala limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa. Pofika February 1996 nkhaniyi inali itakula moti boma litaletsa kope lina la nyuzipepala ya The Post, lidalamulanso kuti lichotsedwe pa intaneti. Kwa munthu wa ku Livingstone, mtunda wa makilomita oposa 470 kuchokera ku likulu, zonsezi zinkadutsa pa waya wa foni ya Zamtel, ndipo mphindi iliyonse inali ndalama. Nzeru inali kulemba makalata onse kaye, kulumikiza, kutumiza, n'kudula msanga.

Chimene chidakokera kompyuta m'tauni muno ndi alendo. Maulendo a mabwato a mphira m'mathithi a kumunsi kwa mlatho adayamba mu 1981, koma kwa zaka zambiri alendo ankagona tsidya lija la Zimbabwe. Mavuto a minda atabuka kumeneko mu 2000, alendowo adayamba kuwolokera kuno, ndipo mu 2001 Sun International idatsegula mahotela a Royal Livingstone ndi Zambezi Sun. Mlendo wa ku London kapena Sydney ankasungitsa malo pa imelo, choncho loji yopanda kompyuta inkagona yopanda anthu. Malo olipiritsa intaneti adatsegulidwa m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, ndipo achinyamata a m'makomboni adatsegulira kumeneko ma adiresi awo oyamba a Yahoo ndi Hotmail, atakhala moyandikana ndi azungu a zikwama zakumsana, pa makina ogwiritsidwa kale ntchito ku Ulaya.

Kusukulu kompyuta idachedwa kuposa ku loji. Boma lidaika phunziro la kompyuta mu silabasi yatsopano ya 2014, ndipo mayeso oyamba a Grade 9 adalembedwa mu November 2015. M'sukulu zambiri m'dziko muno makina anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana, magetsi nawo ankazimazima chifukwa madzi adatsika ku damu la Kariba chaka chimenecho. Ana ankalowa m'magulumagulu, ndipo ena adamaliza mayeso usiku, makolo akuwadikira panja.