Kukonza Zooneka Kumbuyo m'Vidiyo ndi AI, ndi Kudula Vidiyo Yaitali Kuti Ikwane pa Foni

Masiku ano pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi wacinyamata amene amaima pakona ndi foni m'manja, kujambula kwaya, ulaliki kapena msonkhano wa amai. Mavidiyo ambili otele amathela m'foni momwemo pa zifukwa ziwili. Cina n'cakuti kumbuyo kwa munthu wojambulidwayo kumaoneka zinthu zosokoneza, monga cipupa cosamalizika, mipando younjikana, kapena anthu odutsadutsa. Cina n'cakuti vidiyo imakhala yaitali komanso yogona m'mbali, pamene anthu ambili amatamba pa foni yoimilila. Mapulogilamu a AI angathandize pa mavuto onse awiliwa. M'nkhani ino tafotokoza mmene amagwilila nchito, pamene amalephela, ndi malile amene tiyenela kusunga.

Njila yakale: nsalu yobiliwila

Kusintha malo akumbuyo sikunayambe ndi AI. Filimu ya The Thief of Bagdad ya mu 1940 inachuka cifukwa cojambula anthu kutsogolo kwa mtundu wa buluu, kenako n'kuikapo malo ena. Masiku ano ambili amasewenzetsa nsalu yobiliwila, cifukwa mtunduwu uli kutali ndi mtundu wa khungu la munthu aliyense. Kompyuta imacotsa ciliconse cobiliwila n'kusiya munthu yekha. Olengeza za nyengo pa TV amacita zimenezi: mapu amene timaona kumbuyo kwao sakhalapo m'cipindamo. Vuto la njilayi n'lakuti imafuna nsalu yosakwinyika ndi kuwala kofanana mbali zonse. Ndipo munthu akavala citenge cobiliwila, nayenso amazimililika.

Mmene AI imacitila

AI siifuna nsalu. Pulogilamuyo inaphunzitsidwa ndi zithunzi zambilimbili za anthu, mpaka inazolowela kuzindikila mutu, mapewa ndi manja. Cithunzi ciliconse cimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tochedwa mapikseli. Pulogilamu imayang'ana kadontho kalikonse n'kusankha kuti aka n'ka munthu, aka n'ka kumbuyo. Zili ngati kudula munthu pa cithunzi ca pepala ndi sizasi.

Koma vidiyo ndi zithunzi zambili zotsatizana mofulumila, kawilikawili 25 kapena 30 pa sekondi imodzi. Conco vidiyo ya mineti imodzi ya zithunzi 30 pa sekondi ili ndi zithunzi 1,800, ndipo conse ciyenela kudulidwa. Ndiye cifukwa cake foni imatentha ndi kutha batile pocita nchitoyi.

Munthu akapatulidwa, pali zinthu zitatu zimene zingacitike kumbuyo kwake. Kungacititsidwe cizimezime kuti zinthu zisaoneke bwino. Kungacotsedwe n'kuikapo cithunzi cina ceniceni. Kapena AI ingapange malo atsopano amene kulibe kwina kulikonse padziko. Ambili tinaona koyamba njila ziwili zoyambazo pa Zoom, Google Meet ndi Microsoft Teams m'nthawi ya Covid-19 mu 2020. Pokonza vidiyo yojambulidwa kale, anthu amasewenzetsa CapCut, Canva, Adobe Premiere Pro kapena DaVinci Resolve. Zina mwa zida zake n'zaulele, zina n'zolipila. Dziwaninso kuti mapulogilamu ena amagwila nchito m'foni momwemo, pamene ena amayamba atumiza vidiyo yanu ku makompyuta a kampani kudzela pa intaneti. Amenewa amadya mabundle, ndiponso nkhope za anthu anu zimapita m'manja mwa ena.

Pamene AI imalephela

AI imacita bwino ngati munthu ndi mmodzi, wakhala kapena waima malo amodzi, ndipo kuwala kulipo kokwanila. Mlembi wolengeza msonkhano kapena mphunzitsi wofotokoza phunzilo amatuluka bwino.

Imavutika ndi zinthu zopyapyala ndi zoyenda mofulumila. Tsitsi, nsonga za duku, magalasi a maso, cingwe ca maikolofoni ndi manja oomba m'manja zimadulidwa kapena kuphethilaphethila m'mphepete. Buku limene munthu wagwila lingazimililike, cifukwa pulogilamu siikudziwa ngati ndi mbali ya munthuyo. Covala cofanana mtundu ndi cipupa cimasakanizika naco. M'cipinda ca mdima, makamaka pojambula anthu a khungu lakuda kutsogolo kwa malo akuda, malile a nkhope amasokonekela.

Kwaya ndiyo yovuta koposa. Anthu 30 ovala yunifomu imodzi, ovina ndi kuphimbana, amasokoneza pulogilamu kothelatu: ena amadulidwa mitu, ena amasanduka mbali ya cipupa. Malangizo athu ndi akuti vidiyo ya kwaya musaicotse kumbuyo. Sankhani cabe malo abwino oimilila.

Kujambula bwino kumapeputsa nchito

Zambili zimene anthu amavutika kukonza pambuyo pake zingapewedwe pojambula.

Kuwala kucokele kutsogolo kwa munthu. Akaima windo ili kumbuyo kwake, nkhope imada. Muimikeni mamita awili kapena kuposa kucoka pacipupa, kuti mthunzi wake usagwele pacipupapo. Foni ikhale pa coimikila kapena pa tebulo, osati m'manja. Cotsani kumbuyo zimene mungacotse ndi manja: ndowa, tsache, mipando yothyoka. Mphindi zisanu zosesa zimaposa ola lonse lokonza pa foni.

Magetsi a muno m'Zambia amayenda pa 50 Hz. Cifukwa ca ici, malaiti ena a m'nyumba amaoneka akuthwanima kapena kupanga mizele m'vidiyo yojambulidwa pa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi. Ngati foni yanu ilola, sankhani 25 kapena 50.

Samalaninso mau. Anthu amapilila cithunzi cosaoneka bwino, koma vidiyo yosamveka amaidumpha. Ikani foni kapena kamaikolofoni pafupi ndi wokamba. Zida za AI zocotsa phokoso zimathandiza pa mau a munthu mmodzi, koma zimaononga nyimbo, cifukwa zingatenge ng'oma ndi mau a oimba ena ngati phokoso.

Kudula vidiyo yaitali

Vidiyo yogona m'mbali, ya pa TV ndi pa YouTube, imachedwa 16:9. Yoimilila, ya pa TikTok, Reels, YouTube Shorts ndi WhatsApp Status, imachedwa 9:16. Vidiyo wamba yogona ili ndi mapikseli 1,920 m'mbali ndi 1,080 m'mwamba. Mukaidula kuti iimilile, m'mbali mumatsala mapikseli pafupifupi 608 cabe. Ndiye kuti mwa magawo atatu a cithunzi, awili atayika, ndipo cotsalaco cimacepa ubwino cikakulitsidwa. Vidiyo ya 4K, ya mapikseli 3,840 ndi 2,160, imasiya pafupifupi 1,215 m'mbali, conco imaonekabe bwino ikadulidwa. Koma ili ndi mapikseli oculuka kanai, ndipo imadzaza foni msanga.

Mapulogilamu ambili ali ndi cida cimene cimatsatila nkhope ya wokamba kuti asatuluke m'cithunzi codulidwaco. Cimathandiza, koma pakakhala anthu awili cimadumphadumpha, ndipo muyenela kucikonza nokha. Ena amasankhilatu tizidutswa tumene akuona kuti tungakope anthu. Musawakhulupilile kwambili, cifukwa amasankha potengela mau olembedwa ndi kukwela kwa liu, ndipo Cinyanja sacimva bwino.

Kautali kololedwa kamasiyana ndipo kamasinthasintha. Kuyambila mu Okutobala 2024, YouTube Shorts imalola mpaka mphindi zitatu. WhatsApp Status imalola vidiyo yaifupi, ndipo imazimililika pakapita maola 24. Kacidutswa kabwino kamakhala ndi mfundo imodzi, kamayamba pamene mfundoyo iyambila, ndipo kamatha ikatha.

Ambili amatamba ali m'basi kapena pa nchito, foni ili cete. Conco mau olembedwa pa vidiyo ndi ofunika, ndiponso amathandiza abale athu amene samva. Zida zolemba zokha zimacita bwino pa Cizungu, koma pa Cinyanja zimalakwitsa kwambili, makamaka maina a anthu ndi a malo. Welengani mzele uliwonse musanatumize. Mauwo muwaike capakati, cifukwa pansi ndi kudzanja lamanja mumakhala mabatani a pulogilamu.

Nthawi zonse dulani kucokela ku vidiyo yoyambilila. Vidiyo imene yadutsa pa WhatsApp imakhala yopanikizidwa kale, ndipo ikatumizidwa mobwelezabweleza imaonongeka. Potumizilana, itumizeni monga dokyumenti kuti isacepe ubwino. Yoyambililayo muisunge pa kompyuta kapena pa flash.

Malile amene tiyenela kusunga

Apa ndiye pagona nkhani. Kubisa zovala zoyanika kumbuyo kwa wokamba sikunamiza munthu. Koma kuika khamu la anthu pamene panali anthu 12, kapena kuonetsa nyumba yomalizika pamene ikali pa maziko, ndi bodza, ngakhale licitike ndi colinga cabwino. Ngati vidiyo yotele ikupempha thandizo la ndalama, ndiye kuti tadyela anthu masuku pamutu. Funso lodzifunsa ndi ili: kodi wotamba akanadzionela yekha malowo, akanaona kuti tamupusitsa?

Makampani nawonso ali ndi malamulo. Kuyambila mu 2024, YouTube imafuna kuti woika vidiyo anene ngati wasintha zinthu kapena malo enieni m'njila yooneka ngati yoona. Kucititsa cizimezime kumbuyo kapena kukonza kuwala sikufuna cidziwitso cotele. TikTok nayonso imafuna kuti zinthu za AI zooneka ngati zenizeni zilembedwe kuti n'za AI.

Kudula nakonso kunganamize. Wokamba angachule maganizo olakwika kuti awatsutse pambuyo pake. Mukadula pakati, adzaoneka ngati akuvomeleza zimene anali kukana, ndipo kacidutswako kadzafika kutali kumene iye sangakafotokoze. Conco mwini mau aone kacidutswako kasanatumizidwe, ndipo lembani tsiku ndi malo amene kanajambulidwa. Vidiyo yakale isaonetsedwe ngati ya dzulo.

Cilolezo ca anthu ndi ca nyimbo

Munthu amene analola kujambulidwa pakati pa anzake sanalole kuti nkhope yake iyende pa TikTok. Lamulo la Data Protection Act, nambala 3 la mu 2021, limateteza zinthu zodziwikitsa munthu, ndipo limafuna cilolezo ca kholo kapena wolela pa nkhani ya ana. Conco pemphani cilolezo musanaike ana, odwala, olila malilo, kapena munthu amene akufotokoza mavuto a m'banja mwake. Apa cida ca cizimezime cili ndi nchito yabwino: cingabise nkhope za anthu amene angopezeka kumbuyo. Wina akapempha kuti vidiyo yake icotsedwe, icotseni mosamufunsa zifukwa.

Nyimbo nazonso zili ndi eni ake. YouTube ili ndi njila yochedwa Content ID imene imazindikila nyimbo za ena, ndipo vidiyo ingatsekedwe, kapena ndalama zake kupita kwa mwini nyimbo. Muno m'dziko, bungwe la ZAMCOPS ndilo limayang'anila ufulu wa opeka nyimbo. Cinthu capafupi ndi kusewenzetsa nyimbo zimene kwaya yanu inapeka yokha, mutagwilizana ndi wopekayo.

Tikupempha kuti pa mpingo uliwonse pakhale anthu awili oona vidiyo isanatuluke: wacinyamata wodziwa foni, ndi wacikulile wodziwa anthu ojambulidwawo. Woyamba adzaona ngati dzanja la wina ladulidwa. Waciwili adzadziwa ngati mai wokhala pa mzele wacitatu angakonde kuonekela kwa anthu onse kapena ai.