Mavairasi odya mabakiteriya: kodi angathandize kuyeretsa zinyalala za m'migodi?

Mukamva za vairasi mwina mumaganiza za chimfine, HIV kapena Covid-19. Koma pali mavairasi ena amene sadwalitsa munthu chifukwa amangolowa m'mabakiteriya basi. Asayansi amawatchula kuti bacteriophage, mwachidule phage, kutanthauza chodya mabakiteriya. Amapezeka m'nthaka, m'madzi ngakhalenso m'matumbo mwanu.

Frederick Twort wa ku Britain anawatulukira mu 1915, ndipo Félix d'Hérelle anawapezanso payekha ku Paris mu 1917. Ku Tbilisi m'dziko la Georgia, bungwe la Eliava lomwe linakhazikitsidwa mu 1923 limawagwiritsa ntchito pochiza matenda. Lero akatswiri akufufuza ngati angathandizenso pa vuto la zinyalala za m'migodi.

Zinyalalazi n'zoopsa bwanji?

Miyala yambiri ya m'migodi imakhala ndi sulufule. Ikakumana ndi mpweya komanso madzi imatulutsa asidi, ndipo mabakiteriya ena, monga Acidithiobacillus ferrooxidans, amafulumizitsa zimenezi. Asidiyo amasungunula mtovu, kopa ndi zinthu zina zapoizoni, zomwe zimakathera m'mitsinje ndi m'zitsime.

Mu February 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa kopa linagumuka ku Chambishi m'dziko la Zambia. Madzi a asidi anafika mumtsinje wa Kafue, nsomba zinafa ndipo madzi a m'mipopi mumzinda wa Kitwe anatsekedwa kwa kanthawi. Ku Kabwe, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha fumbi ndi dothi. Mtovu umasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana ndipo umawononga impso.

Nanga mavairasiwa amagwira ntchito bwanji?

Njira yake inayamba mu 1985 ndi George Smith wa ku America, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Akatswiri amatenga vairasi yooneka ngati ulusi yotchedwa M13 n'kupanga mitundu yake mamiliyoni ambiri, mtundu uliwonse wokhala ndi kapuloteni kakekake pakhungu. Amathira mavairasiwo pa ufa wa mwala kenako n'kutsuka. Amene akakamira pamwalapo amawachulukitsa m'mabakiteriya a E. coli, n'kubwereza kangapo mpaka atatsala ogwira mwamphamvu okhaokha.

Ofufuza a pa yunivesite ya British Columbia ku Canada anapeza mavairasi amene amakakamira miyala ya chalcopyrite, momwe mumachokera kopa, ndi ya sphalerite, momwe mumachokera zinki. Anaonanso kuti mavairasiwa amagwirizanitsa tinthu ting'onoting'ono ta m'matope kuti tidikhe pansi, madzi n'kutsala pamwamba. Zikatheka pa mgodi weniweni, zitsulo zambiri zikhoza kuchotsedwa m'zinyalala zisanatayidwe.

Zafika pati?

Ntchitoyi idakali m'malabotale. Kupanga mavairasi okwanira damu lonse kumafuna ndalama zambiri, ndipo asidi wamphamvu amawawononga. Migodi ikudalirabe njira zakale monga kuthira laimu m'madzi a asidi.

Choncho ngati mumakhala pafupi ndi mgodi, dziwani kuti kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu. Musamwe kapena kuthirira mbewu ndi madzi amene asintha mtundu kukhala ofiirira ngati dzimbiri, ndipo musadye nsomba zimene mwazipeza zitafa. Ana asamasewere pa milu ya zinyalala za mgodi, ndipo azisamba m'manja asanadye. Ngati mukukayikira madzi a pachitsime chanu, kauzeni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti madziwo akayezedwe.